Musathamangire kuzula wailesi ya m'galimoto foni ikakana kuimba nyimbo

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata patsamba la makalata kuti ndilankhule ndi anzanga oyendetsa galimoto, makamaka ife amene tikudyera galimoto zakale zochokera ku Japan. Ndikudziwa kuti tsamba lino limadzaza ndi nkhani zikuluzikulu, za feteleza, za mizere ya mafuta, za mitengo ya fodya ku Chinkhoma. Yangayi ndi ya foni, wailesi ya m'galimoto ndi Bluetooth basi. Wina aiona ngati yachibwana, koma ine inandidyera K35,000 ndi masabata atatu a kupsa mtima, ndipo pasiteji pathu pano pa Kasungu ndikudziwa anzanga atatu amene anazulitsa mawailesi amoyo chifukwa cha vuto lomweli.

Ndinaphunzitsa kupulayimale zaka 31. Nditapuma ntchito, ndalama zopumirazo ndinagulira kagalimoto ka mipando isanu ndi iwiri, kamene kanatsikira padoko la Dar es Salaam n'kudzalowera pa Songwe. M'kati mwa sabata ndimanyamula anthu pakati pa Kasungu ndi kwa Santhe, Loweruka ndimagwira mahayala a zinkhoswe ndi maukwati. Wailesi imene kanabwera nayo ndi ija ya sikirini, yolemba Chijapani chokhachokha. Ndikangoliza injini mumamveka mawu a mayi wina wolankhula mwaulemu zedi. Makasitomala anga anamutcha mayi a ku Japan, ndipo pali agogo ena a kwa Santhe amene amamuyankha nthawi zonse kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu anzathu." Ndinadzamva pambuyo pake kuti mayiyo sapereka moni ayi. Amadandaula kuti khadi yolipirira misewu ya kwawoko sinalowetsedwe m'kabokosi kamene kali m'munsi mwa chiwongolero. Agogowo sindinawauze.

Amene ali ndi galimoto zotere akudziwa vuto loyamba. Wailesi zake zimagwira FM kuyambira pa 76 kulekezera pa 90, poti ndi mmene ankaulutsira mawu ku Japan, pamene kuno kwathu nyumba zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye kuti zambiri zimatsalira kunja kwa mpanda. N'chifukwa chake ambirife tinangodalira foni. Nyimbo za kwaya, ulaliki, nkhani za masana, ngakhale mpira, zonse timazitengera pafoni n'kuzitumiza kumasipika a galimoto kudzera pa Bluetooth. Foni yanga yakale inkachita zimenezi popanda ine kudziwa kuti zikuyenda bwanji, popeza anandilumikizira ndi mnyamata amene anabweretsa galimotoyo. Foniyo itagwera m'chidebe cha madzi ndinagula ina, ndipo mavuto anayambira pamenepo.

Linali Loweruka, hayala ya chinkhoswe ku Mtunthama. Azakhali a mkwatibwi anali atanditumizira nyimbo zawo pa WhatsApp kuti tikamalowa m'mudzi anthu adziwe kuti akuchikazi afika. Ndinalumikiza foni yatsopanoyo ndekha, chimene anyamata amati kupeya, ndipo foni inalemba kuti yalumikizana. Kachizindikiro kanayakanso pawailesi. Mayi a kunyumba atandiimbira kuti ndaiwala jekete, mawu awo anamveka bwinobwino m'masipika onse anayi. Ndinati basi, zatheka. Koma nditayatsa nyimbo, inangolira m'kasipika ka foni, ng'ii ngati udzudzu. Ndinazimitsa, kuyatsanso, kuzimitsa injini, kulizanso, osaphula kanthu. Mayi wina kumbuyo anati, "A dalaivala, kodi tachita hayala galimoto ya maliro?" Amayiwo anangoyamba kuimba okha ndi nthungululu, ndipo kunena zoona anaimba bwino kuposa nyimbo zinali m'fonizo, koma manyazi anandigwira mpaka pobwerera.

Lolemba lake ndinapita kwa mnyamata wina wokonza zamagetsi a galimoto. Dzina sinditchula, chifukwa pa nkhani ya sitata ndi magetsi akutsogolo ndi katswiri ndithu, ndipo mawa ndidzamufunanso. Foni sanaipemphe n'komwe kuti aione. Anangomva theka la nkhani yanga n'kunena kuti, "Madala, imeneyo ndi IC yapsa." Masiku ano chilichonse chimene munthu sakuchimvetsa akuti ndi IC, kachipangizo kakang'ono ka m'kati mwa zinthu zamagetsi. Anatenga sikuludiraiva, kukanula dashibodi, kusolola wailesi, kuuzira fumbi, kugwedeza mawaya, kubwezeretsa. Potseka timano tiwiri ta pulasitiki tinathyoka. Nyimbo ayi ndithu. Ndinalipira K15,000 ya ntchito. Patapita masiku anayi anandigulitsa kawaya kena ka K20,000 kamene anati kalambalala vutolo, koma wailesi yanga inalibe n'komwe bowo loti kawayako kalowemo. Mapeto ake anandiuza kuti ndingogula wailesi ina, iye ali nayo yolemba Chizungu, ndipo yangayi aitenga ngati chipukuta misozi.

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Chinandipulumutsa n'chakuti mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene amakonza mafoni ku Lilongwe, anabwera kudzaona mayi ake. Nditamudandaulira, anandifunsa funso limodzi lokha: "Atsibweni, munthu akakuimbirani mawu amatulukira kuti?" Ndinati m'masipika a galimoto. Anaseka. "Ndiye wailesi yapsa bwanji? Masipika ndi omwewo, mawaya ndi omwewo, Bluetooth ndi yomweyo. Galimoto isiyeni kaye, tandipatsani foni."

Zimene anandifotokozera ndinazilemba m'kope, mwauphunzitsi, ndipo ndi zimene zandichititsa kulemba kalatayi. Bluetooth ili ngati nyumba imodzi ya makomo angapo. Pali khomo lolowera mawu a anthu oimbirana foni, limene opanga zipangizozi amalitcha HFP. Pali khomo lina lolowera nyimbo ndi mawu a mavidiyo, lotchedwa A2DP. Palinso kazenera kotchedwa AVRCP, kamene kamalola kuti batani la pachiwongolero lidumphitse nyimbo ndiponso kuti dzina la nyimbo lioneke pasikirini. Foni ikalemba kuti yalumikizana, sizitanthauza kuti makomo onse ndi otsegula. Ikhoza kukhala italowera khomo limodzi, linalo lili chitsekere. Ndiye munthu akamati "mafoni akumveka koma nyimbo ayi", wanena kale matenda ndi mankhwala ake omwe, kungoti sakudziwa.

Ambirife pasiteji tili ndi mafoni a Android, kaya Tecno, kaya itel, kaya Samsung, ndipo njira yake ndi yofanana ngakhale mawu amasiyanako pang'ono. Mtsikanayo analowa ku Settings, kenako pa Bluetooth, pamene pali mndandanda wa zipangizo zimene foni inalumikizanapo nazo. Pambali pa dzina la wailesi ya galimoto pali kachizindikiro konga kagudumu ka mano. Atakadina panatuluka timaswichi tiwiri, kena kolembedwa Phone calls, kena Media audio. Koyambako kanali koyatsa, kachiwiriko kozimitsa. Anakayatsa ndi chala chimodzi. Nyimbo inasiya kulira m'kasipika ka foni, ine n'kuyamba kumwetulira, koma m'galimoto munangoti zii.

Apa ndiye panali msampha wachiwiri. Wailesi imakhala ndi magwero angapo a mawu, FM, CD, TV ndi ena, ndipo imaimba gwero limene mwaisankhira. Munthu akakuimbirani, wailesi imasiya yokha chimene imachita n'kulandira foniyo, n'chifukwa chake mawu a mayi a kunyumba ankamveka. Koma nyimbo sizidzilowetsa zokha, mpaka mwini wake usankhe gwero la Bluetooth Audio, limene mawailesi ena amangolemba BT Audio. Yanga inali pa FM masabata onse atatu aja. Poti mabatani ake ndi a Chijapani, iye anatsegula Google Translate pafoni yake, kuloza kamera pasikirini ya wailesi, mawu a Chijapani aja n'kusanduka Chizungu ine ndikuona. Zaka zonsezi ndakhala ndikudina mabatani mongoloweza, lachitatu kuchokera kumanzere, lachiwiri pansi, ngati mwana wa Sitandade 1 woloweza buku asanadziwe kuwerenga. Tinapezanso kuti wailesi yangayi imalemba foni pawiri, kwina ngati foni yoimbira, kwina ngati choimbira nyimbo, ndipo foni yatsopanoyo inali italembedwa kumodzi kokha. Mawailesi ambiri a ku Japan ndi otero.

Titakonza zimenezo nyimbo inamveka, koma chapansipansi ngati ikuchokera kwa aneba. Msampha wachitatu unali voliyumu. Foni ili ndi mavoliyumu osiyana: ya kulira kwa foni, ya pokambirana, ya alamu ndi ya nyimbo. Mafoni ambiri amakumbukiranso payokha voliyumu ya chipangizo chilichonse cha Bluetooth. Choncho muyenera kukweza voliyumu ya foni nyimbo ili m'kati moimba, foni ili yolumikizana kale ndi galimoto. Koma yambani mwatsitsa ya wailesi. Ine ndinali nditaikweza mpaka kumapeto posakasaka mawu, ndipo pamene mtsikanayo anakweza ya foni, kwaya inaphulika m'galimoto mpaka nkhuku za mlongo wanga zinabalalika pabwalo. Zonsezi sizinathe mphindi khumi, ndipo palibe sikuluu imene inamasulidwa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu, kungoti ndinafunsa munthu wa sitata nkhani ya foni.

Tikumwa tiyi ndinamufunsa kuti dzina lodabwitsali linachokera kuti. Akuti ndi dzina la mfumu ina ya ku Denmark, Harald Bluetooth, imene inalamula zaka zoposa 1,000 zapitazo ndipo imakumbukiridwa chifukwa chogwirizanitsa mitundu ya anthu a kumeneko. Luso lenilenilo linayambira kukampani ya Ericsson ku Sweden mu 1994, ndipo kachizindikiro kaja timakaona pafoni ndi zilembo ziwiri zakale za kumeneko, H ndi B, zophatikizidwa. Ndikanakhala ndikadali m'kalasi, imeneyi ndikanaifunsa pa mayeso.

Patatha milungu iwiri zinavutanso, koma mwamtundu wina. Foni inkaiona wailesi, ikayesa kulumikizana n'kukanidwa. Ulendo uno sindinapite kwa aliyense, ndinaimbira mtsikana uja. Anandifunsa kuti ndi anthu angati amene ndawalola kulumikiza mafoni awo. Ndinawerenga: mayi a kunyumba, mnyamata amene amandithandiza kuitanira anthu, mkwati wina, ndi ana asukulu awiri amene anati nyimbo zanga n'zachikale. Wailesi imasunga mafoni owerengeka, ndipo titatsegula mndandanda ndinapezamo ngakhale foni ya mwini wake woyamba wa ku Japan. Ndinafufuta onse. Kenako anandiuza chinthu chimene ambiri timalakwitsa: mukafuna kuyambiranso, fufutani mbali zonse ziwiri. Pafoni dinani Forget kapena Unpair pa dzina la galimoto, pawailesinso chotsani dzina la foni. Polumikizana koyamba zipangizo ziwirizi zimapatsana kiyi wachinsinsi, ndiye mukafufuta mbali imodzi yokha, inayo imakakamirabe kiyi wakale ndipo sizimvana. Mukatero zimitsani foni n'kuyatsanso, ndipo mupeye mwatsopano. Wailesi yakale ikapempha nambala, kawirikawiri imakhala 0000 kapena 1234, ndipo ina imaonetsa nambalayo pasikirini.

Pamenepa ndiwonjezere kanthu kamene kanandizunguza mutu theka la ola pa Chinkhoma. Mawailesi ambiri a ku Japan salola kuti mulembetse foni yatsopano galimoto ikuyenda. Mabatani ake amangozilala, osadinika. Imikani galimoto, kokani handibuleki, muona atsegukanso. Anawapanga dala choncho kuti dalaivala asamayang'ane sikirini ali pamsewu, ndipo pa chimenechi sindiwatsutsa.

Tsono pali vuto lina limene silichokera kuwaya kapena ku Settings, koma kunyumba. Wailesi ikayaka imasakasaka foni imene ikuidziwa, ndipo imagwira imene yaipeza. Bluetooth ya foni imafika pafupifupi mamita 10, ndipo kwathu kuchokera pamene ndimaimika galimoto kukafika kukhitchini sipakwana mamita amenewo. Tsiku lina m'mawa ndikutenthetsa injini, foni yanga Bluetooth ili yozimitsa, wailesi inagwira foni ya mayi a kunyumba. Mng'ono wawo wa ku Mchinji anawaimbira. Iwo kukhitchini akungoti "halo, halo", osamva kanthu, pamene m'galimoto mwanga mukumveka bwinobwino kuti, "Achemwali, ndalama ija ya banki m'khonde yatuluka, koma alamu musawauze kaye, angaipemphe ya matayala." Ndinayankha kuti, "Ndamva mlamu, matayala ndagula kale." Foni inaduka pomwepo. Tinaseka pambuyo pake, koma tsiku limenelo nsima inabwera mochedwa. Ngati pakhomo panu pali mafoni awiri odziwika kuwailesi imodzi, wosakwera galimoto azizimitsa Bluetooth yake. Ndipo tsiku limene foni yanu ikukana kulumikizana popanda chifukwa, yang'anani kaye ngati wina wapafupi sanakulandeni malo.

Inenso zinandibwerera. Ndili ndi anthu asanu ndi mmodzi m'galimoto, tikuyandikira kwa Santhe, anandiimbira munthu amene ndinamukongola mashokabu. Ndinadina batani la pachiwongolero mosaganiza, ndipo galimoto yonse inamva kuchuluka kwa ngongole yanga ndi tsiku limene ndinalonjeza. Walira mvula walira matope. Kuyankha foni osaigwira m'manja n'kwabwino, ndipo apolisi apamsewu sasekerera dalaivala amene foni ili kukhutu, koma chiyambire tsiku limenelo mawu anga oyamba amakhala akuti, "Muli pa sipika, ndili ndi anthu." Anzanga, chitani chimodzimodzi. Tsiku lina udzakhala uthenga wa maliro, ndipo mwina wachibale wa malemuyo adzakhala atakhala pampando wakumbuyo.

Za kudukaduka kwa nyimbo ndiye ndamva mabodza ambiri pasiteji. Wina amati ndi mabampu, wina amati ndi batire ya galimoto. Njira yodziwira ndi yapafupi. Imbani nyimbo imene ili m'foni momwemo kapena pa memore khadi. Ikamayenda bwino osaduka, Bluetooth ilibe mlandu, vuto ndi netiweki kapena bandulo, chifukwa wailesi ya pa intaneti ndi YouTube zimadalira netiweki, ndipo tonse tikudziwa malo amene imathawa tikangochoka pamsewu wa M1. Koma ngati nayonso nyimbo ya m'foni ikuduka, onani zinthu zitatu. Choyamba, kaswichi kopulumutsa batire, kaja kamayaka kokha moto ukatsika, kamatseka mapulogalamu amene akugwira ntchito sikirini itazima, ndiye nyimbo imaima pakangopita mphindi zochepa. Chachiwiri, pamene mwaika foni. Thupi la munthu limatchinga mafunde amenewa, choncho foni imene mwaikhalira m'thumba lakumbuyo imavutika kusiyana ndi imene ili poyera pafupi ndi giya. Chachitatu ndi hotspot. Bluetooth imayenda pa mafunde a 2.4 GHz, pomwenso Wi-Fi yambiri imadutsa, ndiye pamene mwagawira mwana wasukulu intaneti kuchokera pafoni yanu yomweyo, musadabwe nyimbo ikayamba chibwibwi.

Enanso amadandaula kuti nyimbo imasintha mwadzidzidzi n'kumamveka ngati ikuchokera m'chitini. Ndi nkhani ya makomo ija. Khomo la oimbirana foni ndi lopapatiza, analipangira mawu a munthu basi, pamene la nyimbo ndi lotakasuka. Pulogalamu ina ikatsegula maikolofoni, monga poimbirana pa WhatsApp kapena nthawi zina pojambula uthenga wa mawu, foni imasamukira kukhomo lopapatiza lija, ndipo pena imachedwa kubwerera. Tsekani pulogalamuyo, kapena zimitsani Bluetooth n'kuyatsanso. Sipika sinang'ambike.

Ndisanamizire kuti wailesi iliyonse imachira ndi chala. Mnzanga wina amene amayenda msewu wa ku Nkhamenya anabwera nditamuuza nkhani yanga. Tinafufuza pafoni yake, kaswichi ka Media audio panalibe n'komwe, ndipo pamagwero a wailesi yake panalibe Bluetooth Audio. Mawailesi ena akale anapangidwa ndi khomo limodzi lokha, la oimbirana foni. Imeneyo ngakhale mutaidina mpaka chala kutupa, nyimbo siidzaimba. Komabe sitinaizule. Ngati wailesi ili ndi bowo la AUX, lija lolowetsapo waya wa mawu longa la mahedifoni, pali kachipangizo kakang'ono kolandira Bluetooth kamene mumalowetsa pamenepo, ndipo mawu ake amakhala oyera. Ngati bowolo palibe, pali kena kamene mumabaya pabowo loyatsira ndudu. Kameneka kamalandira nyimbo kuchokera pafoni n'kuiulutsa pa FM ngati kanyumba koulutsira mawu ka m'galimoto mwanu momwemo. Pogula kumbukirani za manambala aja. Tambiri timaulutsa kuyambira cha pa 87.5 kupita m'mwamba, pamene wailesi ya ku Japan imalekezera pa 90, ndiye muyenera kusankha nambala ya pakati pamenepo, pamalo pamene sipakumveka wailesi ina iliyonse.

Mnzangayo zinamuvutabe tsiku loyamba, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchidziwa. Galimoto yake anaiika kale kabokosi kaja kamene amamangirira kuwaya wa eriyo kuti wailesi ya ku Japan izigwira mawailesi akuno. Kabokosi kameneka kamatsitsa manambala, ena ndi 10, ena ndi 14 kapena kuposerapo. Ndiye kachipangizo kakamaulutsa pa 98, wailesi ikhoza kukapeza pa 88. Iye ankafananitsa manambala mbali zonse ziwiri n'kumangomva phokoso la mvula. Titasakasaka pang'onopang'ono tinakapeza.

Kulira kwina kumene kumakwera mukaponda moto n'kutsika mukachotsa phazi, kuja kwa fyii, kumachokera kumagetsi a olitaneta, ndipo kawirikawiri kumalowera pa chaja. Zulani chaja muone. Kukasiya, sinthani chajayo, kapena gulani kosefera phokoso kamene amalumikiza pawaya wa AUX. Kukapitirira ngakhale chaja itazulidwa, pamenepo ndiye pitani kwa wamagetsi akaone waya wa efu. Imeneyo ndi ntchito yake yeniyeni, ndipo aidziwa kuposa ine ndi mwana wa mlongo wanga.

Chenjezo lina limene ndikanakonda wina akanandipatsa ndikugula galimoto ndi ili. Mawailesi ambiri a ku Japan okhala ndi mapu amakhala ndi kakhadi ka SD kobisika kuseri kwa sikirini kapena pakachitseko kakang'ono. Si ka nyimbo. Wailesi zina zimakafuna kuti zidzuke batire ya galimoto ikachotsedwa n'kubwezeredwa. Kakasowa, tsiku limene mwasintha batire wailesi imangoonetsa uthenga wa Chijapani, osayakanso, ndipo kupeza kena n'kovuta ndi kodula. Mmodzi mwa anzanga atatu ndatchula aja anakatulutsa n'kupatsa mwana wake kuti aikemo nyimbo. Zinanso zimafunsa nambala yachinsinsi batire ikachotsedwa. Choncho munthu asanakanule dashibodi kapena kumasula batire pofuna kukonza Bluetooth, mufunseni ngati akudziwa zimenezi. Ine ndinachita mwayi kuti kanga kanalimo.

Pali malo enanso m'foni za Android otchedwa Developer options, amene amatseguka mukadina Build number kasanu ndi kawiri. M'menemo muli kaswichi ka Disable absolute volume, kamene kamathandiza voliyumu ya foni ndi ya wailesi zikamakokanakokana, ndiponso posankhira mtundu wa AVRCP, pamene kutsitsa kufika pa 1.4 kapena 1.3 kumathandiza mawailesi ena akale kuonetsa dzina la nyimbo ndi kumvera mabatani. Ndatchula kuti mudziwe kuti aliko, koma ine ndekha sindilowamo. Muli zambiri zimene munthu ungasokoneze, ndipo mtsikana uja anandilonjezetsa.

Kwa anyamata athu okonza zamagetsi, mawu anga ndi ochepa. Ntchito yanu timailemekeza, popanda inu theka la galimoto za pasiteji pano zikanakhala makola a nkhuku. Koma munthu akabwera ndi vuto la Bluetooth, pemphani foni musanatenge sikuludiraiva, ndipo mufunseni ngati mawu a oimbira akumveka m'masipika. Mukamuthandiza ndi chala n'kumulipiritsa K2,000, adzabweranso ndi sitata, adzabweretsanso mnzake. Ndipo inu a Mkonzi, bwanji osatipatsa kadanga kakang'ono, ngakhale kamodzi pamwezi, kofotokoza zinthu ngati zimenezi m'Chichewa? Mabuku a galimoto zathu ali m'Chijapani, mafoni ali m'Chizungu, ndipo si aliyense ali ndi mwana wa mlongo wake ku Lilongwe.

Wailesi yanga ikuimba mpaka lero, yomwe ija inapsa IC. Chimene sichinachire ndi dashibodi. Pamene panathyoka timano tiwiri paja pamalira kwetekwete tikangolowa pokumbika, ndipo ndinatsekapo ndi chikuto cha kope lakale chopinda kanayi. Kawaya ka K20,000 kali m'kabati ya kutsogolo, sikanagwirepo ntchito. Amene wailesi yake ili ndi bowo la AUX andipeze pasiteji ya kwa Santhe m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu, tikambirana mtengo.

Mphunzitsi wopuma,
Kasungu